Wodwala Akatuluka M'chipatala, Ntchito Yathu Ndiye Yayamba



Kwathu kuno kwa Kaphuka uthenga wa matenda suchedwa kumveka. Munthu akagonekedwa m'chipatala, kaya n'ku Dedza, ku Nkhoma kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mphakati umasonkha kangachepe, amayi amakonza ufa ndi ndiwo, wachibale mmodzi amadzipereka kukamudikirira, ndipo dzina lake limatchulidwa m'mapemphero a pa Misa. Umenewu ndi mwambo wabwino umene makolo adatisiyira ndipo Mpingo udaulimbitsa. Koma tsiku limene wodwalayo watulutsidwa, mitima imakhala pansi. Anthu amati wachira, amapereka Misa yothokoza, ndipo pang'onopang'ono njira yopita kunyumba kwake imayamba kumera udzu. Mwezi umatha, wina n'kuthanso, munthu uja akadali chigonere pamphasa. Miyendo yake yaonda ngati bango, akati aimirire amachita chizungulire, ndipo apabanja, pomumvera chisoni, amamuuza kuti agone ndithu, asadzivute.

M'malingaliro athu a sabata ino tikufuna kunena chinthu chimodzi chokha. Nthenda imene idamugoneka munthu ikhoza kutha, koma kugonako pakokha kumasiya vuto lina m'minofu ndi m'mafupa, ndipo mankhwala aakulu a vuto limeneli ndi kudzuka, kuimirira ndi kuyenda. Wofooka sangachite zimenezi yekha. Amasowa dzanja lamphamvu lomugwira tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo, ndipo manja amphamvu m'parishi muno ali ndi ife achinyamata.

Zimene kugona kumachita m'thupi

Mulungu adalenga thupi la munthu kuti lizigwira ntchito, ndipo thupilo limasunga zokhazo zimene likugwiritsa ntchito. Khasu lopita kumunda tsiku ndi tsiku limanyezimira, pamene loiwalidwa kuseri kwa nkhokwe limachita dzimbiri. Minofu nayo ili chimodzimodzi, kungoti dzimbiri lake limayamba m'masiku owerengeka chabe.

M'chaka cha 1966, mumzinda wa Dallas ku America, madokotala adagoneka pabedi anyamata asanu athanzi a zaka 20 kwa masabata atatu, osawalola kudzuka. Atawayeza, adapeza kuti mphamvu ya mtima ndi mapapo yotumizira mpweya m'thupi pa ntchito yolemetsa idatsika ndi magawo oposa 25 pa 100 alionse. Patapita zaka 30, mu 1996, amuna omwewo adayezedwanso ali ndi zaka 50. Chodabwitsa chidali chakuti masabata atatu aja adawafooketsa koposa m'mene zaka 30 za kukula zidawafooketsera. Komabe nkhaniyi ili ndi mbali yolimbitsa mtima. Atadzuka pabedi mu 1966 muja, anyamatawo adachita masewera olimbitsa thupi kwa masabata 8, ndipo mphamvu zawo zidabwerera mpaka kupitirira pomwe zidali poyamba.

Ngati zidatero ndi anyamata, nanga agogo athu? Kafukufuku wina wa ku America komweko, amene adafalitsidwa mu 2007, adagoneka achikulire athanzi a zaka pafupifupi 67 kwa masiku 10 okha. Pa masiku amenewa aliyense adataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Tiganizire kilogalamu ya nyama imene timaiona pasikelo pamsika wa Linthipe, ndipo tikumbukire kuti anthu amenewa sadali odwala konse, komanso ankadya mokwanira. Wodwala amene ali ndi malungo m'thupi ndiponso sakufuna chakudya amataya yoposa pamenepo.

Mavuto a kugona sathera pa minofu. Mitsempha ya magazi imaiwala ntchito yokankhira magazi kumutu munthu akaimirira, n'chifukwa chake amaona mdima m'maso. Magazi oyenda mwaulesi m'miyendo amatha kuundana, ndipo chibuluma chake chikathamangira kumapapo chimapha. Makhololo amakhazikika m'chifuwa n'kuitana chibayo. Khungu la m'matako, m'chiuno ndi pa zidendene limaphwanyika n'kusanduka zilonda zovuta kupola. Mawondo ndi akakolo zimauma, m'mimba mumamangika, ndipo mtima wa munthu umayamba kutaya chiyembekezo. Kale nawo madokotala ankakhulupirira kuti kugona ndi mankhwala a nthenda iliyonse, kotero kuti odwala mtima ankagonekedwa masabata 6. Mu 1947 dokotala wa ku Britain, Richard Asher, adalemba nkhani yochenjeza anzake za kuopsa kwa bedi, ndipo m'zaka zotsatira zipatala zidayamba kusintha. Lero wochitidwa opaleshoni nthawi zambiri amadzutsidwa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Fupa ndi chinthu chamoyo

Ambiri timaganiza kuti fupa lili ngati mwala, likakhwima lakhwima. Zoona zake n'zakuti m'kati mwa fupa muli magulu awiri a timaselo togwira ntchito usana ndi usiku. Gulu lina limagumula fupa lakale, lina limamanga latsopano, monga m'mene eni nyumba yadothi amapalira pong'ambika n'kumatapo dothi lina chaka ndi chaka. Chimene chimauza omangawo kuti agwire ntchito ndi kulemera kwa thupi pamene munthu waimirira, kudzanso kukoka kwa minofu pamene akuyenda. Dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, adalongosola zimenezi kale mu 1892: fupa limalimba molingana ndi katundu amene likusenza. Munthu akagona, omanga amafooka pamene ogumula akupitiriza, ndipo kashiamu amene amalimbitsa fupa amatuluka ndi mkodzo.

Umboni woonekeratu udachokera kwa akatswiri opita m'mlengalenga, kumene thupi silimva kulemera ngakhale pang'ono. Anthu amenewa, ngakhale ali osankhidwa chifukwa cha thanzi lawo, amataya gawo limodzi kapena kupitirirako pang'ono pa magawo 100 a kulimba kwa mafupa a m'chiuno mwezi uliwonse. Kafukufuku wa mu 2022 adatsatira akatswiri 17 otere, ndipo adapeza kuti patatha chaka chathunthu chibwerere pansi pano, 9 mwa iwo adali asanabwezeretse kulimba konse kwa fupa la msongolo. Phunziro lake ndi ili: chimene chatayika m'masabata chimabwerera m'miyezi. Minofu imatsogola, mafupa amatsalira m'mbuyo, ndipo mwa achikulire, makamaka amayi amene adasiya kusamba, mwina sabwereranso pomwe adali.

Apa ndi pamene pali msampha. Munthu akayamba kumva mphamvu amaganiza kuti zonse zili bwino, amasenza thumba la mbatatesi kapena kutsetsereka kupita kudimba mvula itagwa, chonsecho mafupa ake akadali osalimba. Akaterereka kamodzi, fupa la m'chiuno limathyoka, ndipo amabwereranso pabedi pomwe adachoka. Kwa okalamba ambiri, kugona kwachiwiri kumeneku ndi kumene kumawatengera kumanda. Ife achinyamata tidziwenso kuti mafupa a munthu amafika pachimake cha kulimba kwake pofika zaka pafupifupi 30. Mpira umene tikusewera lero, mapiri amene tikukwera ndi chakudya chimene tikudya, zonsezi zikudzaza nkhokwe imene tidzatapemo tsiku limene matenda adzatigoneka.

Za kwathu kuno ku Malawi

Kugona nthawi yaitali si nkhani yachilendo kwa ife. Msewu wa M1 umadutsa pakhomo pathu, njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndipo ngozi zake zimathyola kwambiri miyendo ya anyamata. Kwa zaka zambiri, m'zipatala za m'maboma, munthu wamkulu wothyoka fupa la ntchafu wakhala akuthandizidwa pomulowetsa kachitsulo m'fupa pafupi ndi bondo n'kumangirirako cholemera chokoka mwendowo, iye ali chigonere chagada kwa masabata 6 kapena kuposerapo. Njira imeneyi yapulumutsa miyendo yambiri, koma munthu amatuluka bondo litauma ndi minofu itatha. Onjezanipo odwala chifuwa chachikulu, ogwidwa ndi sitiroko, amayi amene adavutika pobereka, ndi okalamba amene chibayo cha m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi chimawagwetsa.

Dziko lathu lachitapo kanthu. Bungwe la MAP, limene lidayamba mu 1979 polimbana ndi kulumala kobwera ndi poliyo, lakhala likuthandiza anthu kuyambiranso kuyenda. Kuyambira 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa madokotala othandizira oona za mafupa, amene ndiwo amasamalira othyoka ambiri m'maboma. Chipatala cha Beit CURE chidatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, maphunziro a digiri ya mafizo adayamba ku College of Medicine mu 2010, ndipo mu 2023 chipatala chachikulu cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION chidatsegulidwa pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Zonsezi n'zoyamika. Komabe akatswiri a mafizo ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna, ndipo amapezeka kuchipatala, kutali ndi midzi yathu. Katswiriyo akhoza kumuona wodwala kamodzi pamwezi, pamene minofu imafuna kugwira ntchito tsiku lililonse. Masiku ena onsewo ali m'manja mwa banja ndi mphakati.

Mpingo wathu uli kale ndi luso pa chisamaliro cha kumudzi. M'zaka zimene Edzi idavuta kwambiri, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004, amayi ndi abambo a m'miphakati adaphunzira kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza odwala, ndi kuwaperekeza mwaulemu mpaka tsiku lomaliza. Idali ntchito yopatulika, ndipo sitidzaiwala amene adaigwira. Nthawi imeneyo ambiri mwa ogonawo sankadzukanso, choncho luso limene lidakula lidali losamalira munthu ali gone. Lero odwala ambiri amene timawalandira kuchokera kuchipatala angathe kudzuka. M'badwo wathu ukuitanidwa kuonjezera luso lachiwiri pa loyambalo, luso lomuimiritsa munthu.

Si kulodzedwa ayi

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi ili yofunika. Munthu akauzidwa kuchipatala kuti nthenda yatha koma miyendo n'kumakanabe kuyenda, m'mudzi mumayamba manong'onong'o. Wina amati pali dzanja la munthu, wina n'kutchula dzina la nkhalamba ya pafupi, ndipo mbuzi imene ikadagulitsidwa kuti wodwala apeze mazira ndi usipa imathera kwa woombeza. Mabanja adana chifukwa cha zimenezi, ndipo m'dziko muno okalamba ena amenyedwa ngakhale kuphedwa kumene powaganizira ufiti. Anyamata asanu a ku Dallas aja sadalodzedwe ndi munthu, adangogona basi. Wachinyamata wachikatolika amene wamvetsa zimenezi ndipo angathe kuzifotokoza modekha pabwalo, amathandiza wodwala komanso amateteza agogo osalakwa.

Zimene ena anganene

Wina anganene kuti wodwala ayenera kupuma, ndipo kumudzutsa ndi nkhanza. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake. Fupa limene silidalumikizane siliyenera kupondedwa tsiku lonenedwa ndi dokotala lisanakwane, ndipo chikhakha sichichotsedwa kunyumba chifukwa choti chikuyabwa. Wovulala msana ndi wodwala mtima ali ndi malamulo awoawo. Kafukufuku wamkulu wa mu 2015, wa odwala sitiroko oposa 2,000, adapeza kuti kuwadzutsa kawirikawiri m'maola 24 oyambirira kudachepetsa mwayi wawo wochira bwino. Paja kuthamanga sikufika. Choncho mlingo wake amanena ndi achipatala. Komatu ngakhale amene waletsedwa kuponda pansi angathe kugwedeza zala ndi akakolo a mwendo wabwinowo, kulimbitsa manja ndi kupuma mozama. Kupuma kumene kumachiza ndi kosinthana ndi kuyenda, monga usiku usinthana ndi usana.

Wina anganene kuti ife si madokotala. N'zoona, ndipo sitiyenera kudziyesa madokotala. Sitipereka mankhwala, sitiwongola fupa, sititema mphini. Ntchito yathu ndi kumuperekeza wodwala pa tsiku limene adamuuza kuti akaonedwenso, kufunsa wa mafizo kuti ationetse ndi manja ake zoyenera kuchita, kuzilemba m'kope, ndi kuzichita mokhulupirika kunyumba. Safunsa adadya phula.

Wina anganenenso kuti mwana sangalamule wamkulu kuti adzuke. Kulamula ayi, koma kupempha mwaulemu mwambo umalola. "Agogo, tabwera kuti tikuperekezeni pakhonde mukaothe dzuwa," ndi mawu amene nkhalamba iliyonse ingawalandire. Anyamata athandize abambo, atsikana athandize amayi, tiziyenda awiriawiri, ndipo eni banja akhalepo ndi kuvomereza.

Pomaliza pali onena kuti chikhulupiriro chokha n'chokwanira, wodwala angotaya ndodo n'kuyenda. Timakhulupirira ndithu kuti Mulungu amachiza. Timakhulupiriranso kuti ndi Iye yemweyo amene adaika m'fupa lamulo loti lizilimba posenza katundu, ndipo buku la mwana wa Siraki, mutu 38, limatiphunzitsa kupemphera ndi kulemekeza dokotala, zonse ziwiri. Ndodo yoyendera sichotsa chikhulupiriro cha munthu. Kolona ikhoza kukhala m'dzanja lina, ndodo m'dzanja linalo.

Zimene Malembo ndi oyera akutionetsa

Tikawerenga bwino nkhani za machiritso, tiona kuti pafupifupi paliponse pali dzanja la munthu. Pa Marko mutu 2, wofa ziwalo adafika kwa Ambuye chifukwa anzake anayi adamunyamula mpaka kusasula denga. Pa Yohane mutu 5, munthu amene adadwala zaka 38 pathamanda la Betesda sadadandaule za kusowa kwa madzi, popeza madziwo adali pafupi. Dandaulo lake lidali lakuti adalibe womuthandiza kufikako. Pa Ntchito za Atumwi mutu 3, Petro sadalekere pa mawu okha, adamugwira dzanja wolumala uja n'kumuimiritsa, ndipo mphamvu idalowa m'mapazi ndi mu akakolo ake pamene ankadzutsidwa. Ndipo Ambuye atadzutsa mwana wa Yairo, adakumbutsa makolo ake odabwawo kuti amupatse chakudya. Kugwira dzanja, kuimiritsa ndi kudyetsa ndi zinthu zimene ife tonse tingathe.

Kwa inu amene mukuwerenga kapena kuwerengeredwa nkhaniyi muli gone, kumbukirani Ignatius woyera wa ku Loyola. Pa 20 Meyi 1521, pa nkhondo ya ku Pamplona, chipolopolo cha mzinga chidaphwanya mwendo wake. Mafupa adalumikizidwa molakwika, adawathyolanso n'kuwalumikizanso popanda mankhwala oletsa ululu, ndipo adagona miyezi yambiri kwawo ku Loyola. Pabedi pomwepo, powerenga za moyo wa Khristu ndi wa anthu oyera, mtima wake udatembenuka. Mu Malichi 1522 adafika ku Montserrat ngati mlendo wa Mulungu, ndipo adayenda chotsimphina moyo wake wonse chifukwa mwendo umodzi udafupika. Munthu wotsimphina yemweyo ndiye adayambitsa chipani cha Ajezwiti, chimene chidavomerezedwa mu 1540, ndipo lero dzina la Loyola lili pa sukulu ya sekondale ku Kasungu. Masiku anu a pamphasa sadatayike pamaso pa Mulungu. Ndipo ngakhale mwendo usabwerere m'mene udaliri, ulendo wanu ukadalipo.

Tsono tichite chiyani?

Poyamba, tiyambire pamphasa pomwepo. Amene sangathe kudzitembenuza atembenuzidwe pa maola awiri alionse, ndipo khungu lake liyang'anidwe ngati layamba kusintha mtundu kapena kutentha. Agwedeze akakolo m'mwamba ndi pansi, aumitse mnofu wa ntchafu n'kuumasula, apinde ndi kutambasula mawondo ndi zigongono zimene dokotala walola, apume mozama ndi kutsokomola. Kuchita pang'ono kangapo pa tsiku kumaposa kuchita zambiri kamodzi.

Chachiwiri ndi kukhala tsonga. Asadzuke n'kuimirira nthawi yomweyo. Akhale kaye mphindi zingapo miyendo ili pansi, chizungulire chithe, kenaka aimirire pali munthu mbali iyi ndi mbali inayo. Tisamukoke mkono, makamaka mkono wofooka wa wodwala sitiroko, chifukwa phewa limaguluka. Timugwire m'chiuno. Kudzuka pampando n'kukhalanso, mobwereza kasanu kapena kakhumi, ndi limodzi mwa masewera opindulitsa kwambiri, chifukwa ndi mnofu womwewo umene munthu amafuna kuti adzithandize yekha.

Chachitatu ndi kukonza pakhomo. Malangizo ambiri a m'mabuku amaganizira munthu wogona pabedi, pamene ambiri kwathu kuno amagona pansi, ndipo kudzuka pansi n'kovuta kwambiri kuposa kudzuka pabedi. Mphakati ungathe kubwereka bedi kapena mpando wolimba kwa miyezi itatu. Chimbudzi chokumba chimafuna kunjuta, chinthu chimene miyendo yofooka singathe, ndipo odwala ena amadzimana chakudya ndi madzi poopa ulendo wa kumeneko. Mpando woboola pakati ndi mtengo wogwirira zimabweza ulemu wa munthu. Milimo iwiri ya bulugamu yozikidwa bwino mofika m'chiuno, moyang'anizana, imapatsa wodwala pogwira pophunzira kuyenda. Botolo lodzaza mchenga limalimbitsa manja. Miyala, mizu ndi zingwe za mbuzi zichotsedwe m'njira. Anyamata a kwaya ndi otumikira paguwa angathe kumaliza zonsezi Loweruka limodzi.

Chachinayi ndi chakudya. Pozonda odwala tidazolowera kunyamula shuga, mabanzi ndi zakumwa za m'botolo. Zimasangalatsa pakamwa, koma sizimanga mnofu. Thupi lomanganso limafuna zakudya zomanga thupi pa chakudya chilichonse: mazira, nyemba, soya, nandolo, nsinjiro m'phala ndi m'ndiwo, mkaka, nyama ikapezeka. Usipa, bonya ndi matemba zili ndi mwayi wina, woti timadya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi mmene muli kashiamu. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi mpiru zionjezerepo, pamodzi ndi zipatso ndi madzi akumwa okwanira. Dzuwa la m'mawa limathandiza khungu kupanga vitamini D, amene amalowetsa kashiamu m'thupi, choncho ngakhale m'nyengo yachisanu ya kuno kumapiri wodwala asatsekeredwe m'nyumba tsiku lonse. Fodya amachedwetsa kulumikizana kwa fupa, ndipo mowa umagwetsa munthu amene miyendo yake ikadali yosakhazikika.

Chachisanu ndi kudziwa nthawi yolekera ndi kuthamangira kuchipatala. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka m'katumba, tisausisite ayi, chifukwa mwina ndi magazi oundana. Kubanika kwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa, kukomoka, ululu watsopano pamalo pothyoka, mafinya, kutentha thupi, kapena zala zotupa ndi zadzanzi kunsi kwa chikhakha, zonsezi sizidikira m'mawa. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu adziwitsidwe za wodwala aliyense amene tikumuthandiza.

Chachisanu ndi chimodzi ndi munda. Chimene chimadzutsa bambo kapena mayi nthawi isanakwane ndi nkhawa ya mbatatesi zosapalira ndi chimanga chosabandira. Tikamulimira munda wake nyengo imodzi, tampatsa nthawi yoti mafupa ake akhwime, ndipo tateteza ana ake ku njala ya chaka chamawa.

Pempho lathu

Papa John Paul II adakhazikitsa mu 1992 Tsiku la Odwala, limene timalikumbukira pa 11 Febuluwale chaka chilichonse. Tsikuli ndi labwino, koma mnofu sumera ndi mwambo wa tsiku limodzi. Tikupempha kuti achinyamata a mphakati uliwonse, mogwirizana ndi atsogoleri a mphakati, a Lejio ya Maria ndi Amayi Achikatolika, ndiponso Bambo Mfumu atadalitsa, alembe maina a onse amene agona kupitirira masabata awiri, osayang'ana kuti ndi a mpingo uti kapena chipembedzo chiti. Wodwala aliyense akhale ndi achinyamata awiri omuyendera katatu pa sabata kwa miyezi itatu. Azilemba m'kope kuti lero wafika pachitseko, mawa pakhonde, sabata yamawa pamtengo wa mango, chifukwa wodwala amaiwala pomwe adachokera ndipo amafooka msanga mumtima. Kopelo lidzamukumbutsa kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo tisamuchitire zimene angathe kuchita yekha. Akatha kugwira supuni, agwire. Akatha kumanga mabatani a malaya, timudikire amange, ngakhale achedwe. Kudikira koteroko n'kovuta kuposa kumuchitira, koma ndi kumene kumamubwezera moyo wake.

Ntchitoyi ilibe yunifolomu ndipo siitchulidwa pa zolengeza za Lamulungu. Idzatidyera nthawi ya mpira ndi ya pafoni, ndipo masiku ena wodwala adzakana kudzuka, mwinanso kutikalipira. Tidzabwererenso mawa lake. Mphotho yake tidzaiona tsiku limene mkhristu amene ankalandirira Ukaristia pamphasa adzalowa m'tchalitchi ndi mapazi ake, ndodo ili m'manja, n'kuima pamzere pamodzi ndi ife. Tikumbukirenso kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tipemphere. Ambuye Yesu, Inu amene mudagwa pansi pa mtanda ndipo mudalola Simoni wa ku Kirene kukuthandizani, yang'anani abale ndi alongo athu amene matenda awagoneka nthawi yaitali. Limbitsani mafupa awo, bwezerani mphamvu m'miyendo yawo, ndipo muwapatse mtima wopirira. Dalitsani madokotala, anamwino, a mafizo ndi onse odikirira odwala. Ife achinyamata mutipatse manja odekha ndi mapazi osatopa. Amayi Maria, Mthandizi wa odwala, mutipempherere. Amen.